Khasu Lichita Dzimbiri, Golide Ayi: Khalidwe la Maatomu m'Dziko la Tiyi

Lero tikupita ku Luchenza, m'boma la Thyolo, tauni imene ili pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Mulanje, pakati pa maboma awiri olima tiyi. Njanji yochokera ku Nsanje, kumene panthawiyo kunkatchedwa Port Herald, idadzera pamenepa pokafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo kwa zaka zambiri tiyi wa m'maesiteti ozungulira ankakwezedwa m'sitima pa siteshoni ya Luchenza. Ili ndi dera la mvula yambiri ndi chiperoni, kumene chitsulo sichichedwa kuchita dzimbiri, choncho ndi malo oyenera kuphunzirirapo nkhani ya lero.

Taganizirani mafunso awa. Kodi n'chifukwa chiyani khasu likagona panja pachinyontho limacha lili ndi mawanga ofiira, pamene mphete ya golide imatha zaka osathimbirira? Nanga malata amapirira bwanji mvula, chonsecho nawonso ndi chitsulo? N'chifukwa chiyani dothi limene tiyi amakondwa nalo, chimanga chimapinimbiramo? Nanga tsamba lobiriwira limene lathyoledwa m'munda limasanduka bwanji tiyi wakuda m'fakitale? Mafunsowa akuoneka ngati otalikirana, koma yankho lake ndi limodzi. Yankholo lili m'khalidwe la tizinthu tosaoneka ndi maso, timene tina tili ndi phuma pokumana ndi tinzake, pamene tina n'taulesi.

ATOMU NDI BWALO LA GULE

Zinthu zonse zimene timaziona ndi kuzikhudza, kaya ndi mwala, madzi, mpweya kapena thupi lathu lomwe, zidapangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Kuchepa kwake n'kodabwitsa: pa milimita imodzi ya lula wa mwana wa sukulu mukhoza kundandalikapo maatomu a chitsulo pafupifupi 4 miliyoni. Maatomu ali m'mitundu, monga mmene anthu alili m'mafuko, ndipo mtundu uliwonse umatchedwa elementi. Chitsulo ndi elementi, golide ndi elementi, okosijeni amene timapuma ndi elementinso. Lero akatswiri akudziwa maelementi 118, ndipo pafupifupi 90 mwa iwo ndiwo amapezeka m'chilengedwe.

Pakati pa atomu pali phata lolemera, lokhala ndi mphamvu ya magetsi yotchedwa pozitivi. Mawu amenewa si achilendo kwa aliyense amene adaikapo mabatire mu wailesi, pakuti mbali imodzi ya batire ndi pozitivi, inayo negetivi. Kuzungulira phatalo kuli tizinthu topepuka kwambiri ta mphamvu ya negetivi, totchedwa maelekitironi, timene katswiri wa ku Cambridge, J. J. Thomson, adatitulukira m'chaka cha 1897. Pozitivi ndi negetivi zimakokana, ndipo kukokana kumeneku ndiko kumagwira atomu kuti isamwazike.

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze ndi gule wa m'bwalo monga chioda, ngakhale kuti chimenechi n'chifanizo chabe. Ang'oma ali pakati, ovina akuzungulira m'mizere. Mzere woyamba, woyandikana ndi ng'oma, umalowa ovina awiri okha. Wachiwiri umalowa 8. Wachitatu nawonso umakhazikika ukakwana 8. Ovina a m'mizere ya m'kati ng'oma yawagwira mtima, sachoka. Koma iye amene ali kunja kwenikweni, makamaka akakhala yekha, sachedwa kutengedwa ndi gule wina akalira pafupi. Mfundo yoti tiigwire lero ndi imeneyi: khalidwe la elementi limachokera ku mzere wakunja. Atomu imene mzere wake wakunja ndi wodzaza imakhala phee. Imene mzere wake ndi wopelewera imafunafuna mnzake woti impatse, imulande, kapena agawane naye maelekitironi.

OPATSA, OLANDA NDI ALESI

Tiyambe ndi sodiyamu. Atomu yake ili ndi maelekitironi 11: awiri mumzere woyamba, 8 mwachiwiri, ndi imodzi yokha kunja. Imodzi imeneyi sodiyamu amaitaya mosavuta, n'chifukwa chake ndi chitsulo cholusa. N'chofewa moti chimadulika ndi mpeni, ndipo mukachiponya m'madzi chimathamanga uku ndi uku chikuchita thovu, mwinanso kuyaka. Amachisunga chomizidwa m'mafuta kuti chisakumane ndi mpweya. Palibe munthu adatolapo sodiyamu pansi ngati mwala. Woyamba kumupatula payekha anali Humphry Davy, ku London, m'chaka cha 1807, ndipo adachita kugwiritsa ntchito magetsi.

Tsono onani kolorini. Iye ali ndi maelekitironi 17: awiri, 8, ndi 7 kunja. Wapelewera imodzi yokha kuti mzere udzaze, ndipo amailanda kulikonse kumene angaipeze. Akakhala payekha ndi mpweya wachikasu waululu, umene umawononga mapapo a munthu. Koma kodi wopatsa uja akakumana ndi wolanda uyu chimachitika n'chiyani? Sodiyamu amapereka elekitironi yake, kolorini amalandira, onse awiri mizere yawo yakunja imadzaza, ndipo chotulukapo ndi mchere umene amayi amathira m'ndiwo.

Atomu imene yataya kapena kulandira elekitironi siikhalanso monga idalili. Imatsala ndi mphamvu ya magetsi yoonekera, pozitivi ngati yataya, negetivi ngati yalandira, ndipo imapatsidwa dzina lina: ayoni. Omvera, tcherani khutu, tikunena ayoni, osati ayironi amene a chipatala amanena pokamba za magazi. Atomu ndi ayoni yake ndi zinthu za makhalidwe osiyana kotheratu. Atomu ya sodiyamu imayaka m'madzi, koma ayoni yake imasungunuka mwakachetechete ndipo imayenda m'magazi athu tsiku ndi tsiku.

Sodiyamu ali ndi mkulu wake, potaziyamu, wa maelekitironi 19: awiri, 8, 8, ndi imodzi. Popeza yakunjayo yatalikira ng'oma kuposa ya sodiyamu, imachoka mosavuta kwambiri, motero potaziyamu ndi wolusa koposa. Koma ayoni yake ndi chakudya cha mbewu. Ndiyo imene chilembo K chimaimira pa thumba la feteleza, imapezeka m'nthochi, ndiponso m'phulusa limene amayi amatchezera chidulo. Kufanana kwa pachibale kotereku ndiko kumene Dmitri Mendeleev wa ku Russia adakuona m'chaka cha 1869, pamene adasanja maelementi m'mabanja, nasiya mipata ya ena amene anali asanapezeke. Patangopita zaka 6 umodzi wa mipatayo udadzazidwa.

Alesi nawo alipo. Pa magawo 100 a mpweya umene mukupuma panopa, pafupifupi gawo limodzi ndi agoni, amene mzere wake wakunja ndi wodzaza kale. Sapatsa, salanda. Amalowa m'mapapo n'kutulukamo osachita kanthu, ndipo chifukwa cha ufulu wake wa chete adakhala osadziwika mpaka chaka cha 1894. Dzina lake lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mlesi.

MNDANDANDA WA ZITSULO

Zitsulo zonse ndi zopatsa, koma zimasiyana changu. Akatswiri adazindandalika kuyambira chaphuma mpaka chodekha motere: potaziyamu, sodiyamu, kashiyamu, maginiziyamu, aluminiyamu, zinki, chitsulo chathu cha makasu, mtovu, mkuwa, siliva, ndipo pomalizira golide. Lamulo lake ndi lapafupi: chimene chili pamwamba chimataya maelekitironi msanga kuposa chimene chili pansi pake. Golide amaumira ndi maelekitironi ake, n'chifukwa chake okumba amampeza m'mchenga wa m'mitsinje akunyezimira yekha.

Chitsulo chili pakati. Chikakumana ndi okosijeni pamodzi ndi madzi, chimapereka maelekitironi ake kwa okosijeniyo, n'kusanduka dzimbiri. Pakasowa chimodzi mwa ziwirizi, madzi kapena mpweya, dzimbiri silibwera, ndipo ichi ndicho chifukwa chopakira penti kapena mafuta. Madziwo akakhala ndi maayoni ambiri ntchitoyi imafulumira. Choncho khasu kapena wilibala imene mwanyamulira feteleza itsukeni ndi kuiumitsa tsiku lomwelo, ndipo matumba a feteleza musawatsamiritse ku malata.

Nanga malatawo? Lata ndi chitsulo chimene chidaviikidwa mu zinki wosungunuka. Zinki ali pamwamba pa chitsulo pamndandanda uja, tsono lata likakandika, zinki ndiye amayamba kupereka maelekitironi, nadyeka m'malo mwa chitsulocho. Ali ngati mlonda wolandira mikwingwirima kuti mwini nyumba agone. Denga limayamba kufiira pokhapokha mlondayo atatha. Koma mukamangirira waya wa mkuwa ku lata pamalo ponyowa, mkuwa uli pansi pa onse awiri, ndipo lata lidzadyeka msanga pamalo pomwepo. Zinki yemweyu ndiye chikopa cha m'kati cha mabatire wamba a wailesi. Ngati mukutimvera pa wailesi ya mabatire otere, mawu athuwa akukufikani chifukwa zinki akupereka maelekitironi ake, ndipo batire lokalamba likabooka n'kutuluka madzi, ndiye kuti wadyeka.

Makolo athu ankaudziwa mndandandawu ndi manja awo. Mwala wa chitsulo ndi chitsulo chimene chidagwirana ndi okosijeni. Iwo ankauika m'ng'anjo yadothi pamodzi ndi makala, monga ng'anjo zimene mabwinja ake ali m'madera a ku Kasungu, ndipo moto ukakolera, kaboni wa m'makalamo ankalanda okosijeni, n'kusiya chitsulo choti osula apangire makasu ndi nkhwangwa. Tingati dzimbiri ndi chitsulo chimene chikubwerera kwawo.

Koma makala ali ndi malire. Munthu akaima pa Luchenza kutacha bwino amaliona phiri la Mulanje, ndipo pamwamba pake, ku Lichenya, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, adapezako bokisaiti m'chaka cha 1924. Umenewu ndi mwala wa aluminiyamu. Aluminiyamu amagwira okosijeni molimba kotero kuti ng'anjo ya makala singawalekanitse. Njira yowalekanitsa ndi magetsi adaipeza Charles Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, aliyense payekha, m'chaka cha 1886, ndipo kilogalamu imodzi ya aluminiyamu imadya mayunitsi a magetsi pakati pa 13 ndi 15. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zaka 100 zidakwanira, mu 2024, popanda mgodi waukulu paphiripo.

Wina afunsa: ngati aluminiyamu ali waphuma chotere, bwanji poto wake sachita dzimbiri? Yankho ndi lakuti amachita, koma mwa mtundu wina. Akangokumana ndi mpweya amavala kachikopa kopyapyala, kolimba, kosaoneka ndi maso, kamene kamatseka njira. Dzimbiri la chitsulo limasuka n'kugwa, ndipo mpweya umalowabe m'kati. La aluminiyamu limamatirira. Chimene chimadya kachikopako ndi zinthu zowawasa kwambiri ndiponso chidulo kapena soda, choncho si bwino kugoneka ndiwo zotere mu poto wa aluminiyamu.

MATENDA A CHIKASU M'MINDA YA TIYI

Tsopano titsike m'munda. Tiyi adayamba kubzalidwa ngati mbewu yogulitsa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake adafalikira ku Thyolo. Patapita zaka, minda yambiri idagwidwa ndi matenda amene eni maesiteti ankawatcha tea yellows. Masamba anthete ankasanduka achikasu, ankatuluka ang'onoang'ono, nsonga zinkauma, ndipo potsiriza chitsamba chonse chinkafa. Pa mbewu imene chuma chake chili m'masamba anthete omwewo, limeneli linali tsoka kwa mwini munda ndi wothyola yemwe.

Poyamba anthu ankaganizira tizilombo toyambitsa matenda. Koma m'chaka cha 1933 akatswiri awiri, H. H. Storey ndi R. Leach, adafalitsa zimene adapeza atafufuza m'minda ya dziko lino. Kunalibe kachilombo. Tiyi anali ndi njala ya elementi imodzi, salifa. Zitsamba zimene zidapatsidwa feteleza wokhala ndi salifa zidachira n'kuphukanso masamba obiriwira. Nkhani ya ku Nyasaland imeneyi idakhala imodzi mwa nkhani zoyamba kudziwika padziko lonse za mbewu ya m'munda yodwala chifukwa chosowa salifa, ndipo mabuku a zaulimi amaitchulabe.

Apa kusiyana kwa atomu ndi ayoni kumaonekera poyera. Salifa payekha ndi ufa wachikasu umene susungunuka m'madzi, ndipo muzu sungaumwe. Chimene muzu umamwa ndi ayoni yotchedwa salifeti, imene ndi atomu imodzi ya salifa yogwirana ndi maatomu anayi a okosijeni. Mlimi akathira ufa wachikasu uja, ayenera kudikira kuti tizilombo ta m'nthaka tiusandutse salifeti. Koma popeza salifeti amasungunuka, mvula yambiri imamutsitsira pansi kumene mizu siifika. Ndiponso tikatentha udzu ndi mapesi, salifa wambiri amene adali m'menemo amagwirana ndi okosijeni n'kupita ndi utsi.

Alimi a chimanga, nkhaniyi ndi yanunso. Chilembo S chimene mudachiona pa thumba la feteleza wokulitsa, monga uja wa 23:21:0+4S, chimaimira salifa yemweyu. Mbewu ikasowa salifa, chikasu chimayambira ku masamba a kunsonga. Ikasowa nayitirojeni, chimayambira ku masamba akale a m'munsi. Mlimi wodziwa kusiyanitsa ziwirizi sataya ndalama pa feteleza wolakwika.

FETELEZA, ASIDI NDI ALUMINIYAMU WOGONA

Pa magawo 100 a mpweya, 78 ndi nayitirojeni. Nanga bwanji mlimi amagula nayitirojeni pamtengo wokwera pamene munda wake wamira m'menemo? Chifukwa chake n'chakuti mumpweya maatomu a nayitirojeni amayenda awiriawiri, atagawana maelekitironi ndi kumangana ndi mfundo zitatu, ndipo mfundozo n'zovuta kumasula. Zimamasulidwa ndi mphenzi, ndiponso ndi tizilombo tokhala m'timatuza ta pa mizu ya nandolo, nyemba, mtedza ndi soya. Anthu adapeza njira yawo pamene Fritz Haber wa ku Germany adagwirizanitsa nayitirojeni ndi haidirojeni m'chaka cha 1909, ndipo Carl Bosch adamanga fakitale yoyamba mu 1913. Njirayi imafuna kutentha kopitirira madigiri 400 ndi kupanikiza kwakukulu. Mtengo wa thumba la yureya, limene magawo 46 pa 100 ndi nayitirojeni, mwa zina ndi mtengo womasulira mfundo zitatu zija.

Nayitirojeni akamasulidwa safuna kukhala malo amodzi. Yureya wosiyidwa pamtunda padzuwa amataya gawo lake ngati mpweya wonunkha wa amoniya, choncho mukwirireni m'dothi lachinyontho. Ndipo feteleza wa salifeti, uja wa magawo 21 a nayitirojeni ndi 24 a salifa, musamusakanize ndi laimu kapena phulusa. Mukatero mudzamva fungo lobaya m'mphuno, ndipo fungo limenelo ndi ndalama zanu zikuuluka.

Feteleza wa salifetiyu adathandiza kuthetsa chikasu cha tiyi, koma ali ndi mbali ina. Tizilombo ta m'nthaka tikamasintha nayitirojeni wake, timatulutsa maayoni a haidirojeni, ndipo maayoni amenewa ndiwo asidi. Akatswiri amayeza asidi ndi muyeso wotchedwa pH, umene pakati pake ndi 7. Nambala ikatsika ndi 1, asidi wachuluka kakhumi. M'dera la mvula yambiri monga Thyolo ndi Mulanje, madzi amakokololera pansi maayoni a kashiyamu ndi maginiziyamu amene akadachepetsa asidi, motero dothi ndi lowawasa kale, ndipo feteleza wa chaka ndi chaka amawonjezera.

Tsono kumbukirani aluminiyamu. Iye sali ku Lichenya kokha ayi. Ndiye chitsulo chochuluka koposa m'nthaka ya dziko lonse, pafupifupi magawo 8 pa 100, ndipo ali m'dothi la munda uliwonse, chigonere, atamangidwa ndi okosijeni. Muyeso wa pH ukatsika kupitirira 5.5, asidi amamudzutsa, natuluka ngati ayoni imene yataya maelekitironi atatu. Ayoni imeneyi imawononga nsonga za mizu ya chimanga ndi nyemba. Mizu imakhala yaifupi ndi yonenepa, siifika pa madzi akuya, ndipo kang'amba kochepa kamaifooketsa. Imagwiranso fosifolasi wa m'feteleza kuti mbewu isamudye. Mlimi amadabwa: feteleza ndathira, mvula yagwa, koma chimanga chapinimbira.

Tiyi ndi wosiyana. Iye amakondwa m'dothi la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, amamwa aluminiyamu, namusunga m'masamba akale popanda vuto. Choncho minda iwiri yoyandikana imafuna chisamaliro chosiyana. Munda wa chimanga wowawasa umafuna laimu, amene amachepetsa asidi ndi kugonekanso aluminiyamu, pamodzi ndi manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu. Koma laimu yemweyo wothiridwa mosayeza m'munda wa tiyi amadwalitsa tiyi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanathire kanthu, funsani alangizi a zaulimi za kayezedwe ka dothi. Ntchito yotere idakhala ikuchitika ku malo a kafukufuku a Bvumbwe m'boma la Thyolo, ndiponso ku Mimosa ku Mulanje, likulu la bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa limene lidakhazikitsidwa mu 1966.

M'FAKITALE: OKOSIJENI PA NTCHITO

Masamba awiri ndi kansonga akathyoledwa, amapita ku fakitale, kumene amayalidwa kuti afote. Kenaka makina amawadula ndi kuwanyenya. Cholinga chake si kuchepetsa masamba kokha. M'kati mwa tsamba muli timadzi towawa tosungidwa m'tizipinda take, ndipo padera pali chofulumizitsa ntchito chimene akatswiri amachitcha enzaimu. Makina akaswa tizipindato, ziwirizi zimakumana, ndipo okosijeni wa mumpweya amalowerera. Timadzi tija timapereka maelekitironi kwa okosijeni, ndipo masamba amasintha kuchoka ku obiriwira kunka ku ofiirira. Ndi zomwezo zimene zimachitika mukasenda nthochi yaiwisi kapena kudula peyala n'kulisiya pambale.

Chodabwitsa n'chakuti pakati pa enzaimu imeneyi pali maayoni a mkuwa. Mkuwa uli m'munsi pamndandanda uja, suumira kwambiri ndiponso sutaya mwaphuma, motero umakhoza kulandira elekitironi uku n'kuipereka uko, mobwerezabwereza, ngati mkhalapakati wa pamsika. Tiyi wolimidwa m'dothi losowa mkuwa safiira bwino m'fakitale, ndipo mtengo wake umatsika.

Ntchitoyi ikafika pamene mtundu ndi fungo zakwana, masamba amalowa m'choumitsira cha mpweya wotentha, umene umapha enzaimu n'kuimitsa zonse. Luso la wopanga tiyi lili pa kudziwa mphindi imeneyo: akafulumira tiyi amakhala wosakhwima, akachedwa amazilala. Tiyi wobiriwira amachokera ku chitsamba chomwecho; kusiyana kwake n'kwakuti masamba amatenthedwa poyambirira, okosijeni asanayambe ntchito.

M'KAPU NDI M'NYUMBA

Ana a sukulu, yesani ichi akuluakulu ali pomwepo. Thirani tiyi wamphamvu wopanda mkaka m'botolo, ikanimo msomali wadzimbiri, ndipo muone mawa. Madziwo adzada ngati inki, pakuti timadzi ta tiyi tagwira maayoni a chitsulo. Ndipotu inki yakale inkapangidwa m'njira yofanana ndi imeneyi. Mukatha kuona tayani, musamwe.

Zomwezi zimachitika m'mimba. Ayironi amene thupi limafuna popanga magazi ndi maayoni a chitsulo chomwechi, amene timawapeza m'nyemba, m'masamba ndi m'nyama. Tiyi womwera pa chakudya amagwira gawo la ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, thupi lisanamulandire. Sitikunena kuti musiye tiyi, iyayi. Koma amayi oyembekezera, ana, ndi onse ochepa magazi adikire ola limodzi atadya asanamwe tiyi, ndipo mapiritsi a ayironi a ku sikelo amwere madzi. Zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe zimachita mosiyana: zimapatsa ayironi elekitironi imodzi, n'kumusandutsa mtundu umene thupi limalandira mosavuta.

Pomaliza, machenjezo awiri, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Loyamba: mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi kolorini musawasakanize ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi. Kolorini amene adali womangidwa amamasuka ngati mpweya waululu uja. Lachiwiri: pali mapiritsi ena otuwa ophera anankafumbwe m'nkhokwe zazikulu, opangidwa ndi aluminiyamu ndi fosifolasi. Akangokhudzana ndi chinyontho cha mumpweya amatulutsa mpweya wakupha, umene umalowa m'chipinda chilichonse. Amenewa ndi a anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Asalowe m'nyumba yogona anthu, ngakhale limodzi.

Omvera, taona kuti khalidwe la elementi lili mumzere wakunja wa maelekitironi ake. Kuti ena amapatsa, ena amalanda, ena sachita kanthu. Ndiponso kuti atomu ikasanduka ayoni imasintha khalidwe, mwina kuchoka ku ululu kukhala chakudya monga sodiyamu, mwina kuchoka ku dothi logona kukhala mdani wa mizu monga aluminiyamu. Amene wamvetsa zimenezi adzasamala khasu lake, adzakwirira yureya, adzayezetsa dothi asanathire laimu, ndipo adzadziwa zinthu zosayenera kukumana m'nyumba mwake. Aphunzitsi a sayansi m'masukulu, chonde bwerezani nkhaniyi ndi ana anu, ndipo amene muli ndi mafunso tilembereni makalata.